Kalata yochokera ku Knysna

Okondedwa aPhiri,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana onse. Kuno kulibe chovuta, kungoti chisanu chayamba.

Munandifunsa za tauni imene ndikukhalayi, poti kumudziko anthu amangodziwa ku Joni ndi ku Cape Town basi. Knysna ili m'mbali mwa nyanja, pakati pa George ndi Plettenberg Bay. Lero imadyera alendo odzaona malo, koma inabadwa ndi matabwa, ndipo popeza inu mwakalambira pa macheka ku Chikangawa, nkhani yake ikukhudzani.

Msewu wake waukulu, Main Street, ndi womwewo wa N2 wochokera ku Cape Town, moti malole amadutsa pakati penipeni pa masitolo. Kale kunali timidzi tiwiri toyandikana: Melville wa mu 1825 ndi Newhaven wa mu 1846. Anatiphatikiza mu 1882 n'kukhala tauni imodzi. Chimene chinakokera azungu kuno ndi nkhalango yachilengedwe, makamaka mitengo ya yellowwood ndi stinkwood, ina ya zaka mazanamazana. Mmodzi mwa oyamba kukhazikika anali George Rex, yemwe anafika mu 1804. Kudula sikunali vuto, vuto linali kutulutsa mitengoyo, chifukwa kumtunda kuli mapiri ndi zigwa zakuya. Njira inatsala ya pamadzi, kudzera pa mpata wopapatiza wa pakati pa matanthwe awiri otchedwa The Heads. Mu 1817 sitima ya Emu inagunda mwala pamenepo. Inzake ya Podargus, imene inabwera kudzathandiza, inalowa bwinobwino, ndipo kuyambira apo sitima zinayamba kudzanyamula matabwa.

Katauni kanamera pang'onopang'ono. Tchalitchi chamiyala cha St George cha m'ma 1850 chikadali chiimire pa Main Street. Panabweranso hotela, ndipo ndende inamangidwa mu 1859. Koma eni ake enieni a msewuwu anali amalonda a matabwa. Banja la a Thesen linachoka ku Norway mu 1869 pa sitima yawoyawo, Albatros, ulendo wa ku New Zealand. Atakocheza ku Cape Town anaona kuti ndalama ili m'mphepete mwa nyanja momwemuno, ndipo mu 1870 anakhazikika ku Knysna. Posakhalitsa anali ndi sitolo, sitima zonyamula katundu ndi macheka. Kenako kunabwera George Parkes wa ku Birmingham. Pamene panali macheka a kampani yake lero pali masitolo otchedwa Woodmill Lane, ndipo makina ena akale anawasiya pomwepo. Ndikadutsapo ndimaima pang'ono kuyang'ana zitsulozo zili duu, atazipaka penti, anthu akumwa khofi pambali pake.

Tsono mvetserani apa aPhiri, chifukwa ndi pamene pamandiwawa. Odula mitengo ankakhala m'nkhalango momwemo, m'tinyumba tamatabwa. Anali amphawi adzaoneni, ambiri azungu olankhula Afrikaans, ena amakaladi. Mtengo ankaugwetsa ndi nkhwangwa, n'kuukoka ndi ng'ombe, n'kuucheka padzenje, wina pamwamba wina pansi utuchi ukumugwera m'maso. Inu zimenezi simufuna wokuuzani. Chakudya chawo chinali mbatata, buledi ndi khofi. Akafika m'tauni ndi ngolo ya matabwa, wogula ndiye ankatchula mtengo, ndipo wogulayo analinso mwini sitolo. Nthawi zambiri ndalama m'manja sankapatsidwa. Ankalandira ufa, shuga, khofi ndi fodya, kapena kapepala koti akatengere katundu m'sitolo momwemo. Matabwa akawerengedwa, munthu ankapezeka kuti akadali ndi ngongole, ndiye ankabwerera kunkhalango kukadula wina kuti abweze. Ndi zomwe zija za matenanti a m'maesiteti a fodya ku Kasungu: chaka chonse ukudya chimanga cha ngongole, fodya akagulitsidwa abwana n'kudula zawo, iwe n'kutsala chimanjamanja.

Ndipo si kuti msika kunalibe. Migodi ya diamondi ku Kimberley ndi ya golide ku Johannesburg itatsegulidwa, matabwa ankafunika osati masewera: opangira ngolo, oyala pansi pa njanji, ochirikizira migodi. Ndalama inalowa m'tauni muno yambiri, koma inathera pa Main Street. M'nkhalango munkangofika khofi ndi shuga. Ine ndikaona nyumba zakale zokongolazi ndimazisirira ndithu, koma sindiiwala amene anatuluka thukuta kuti ziime.

Golide anapezekanso kuno mu 1876, ndipo m'ma 1880 ku Millwood, mkati mwa nkhalango, kunaphuka katauni ka mahotela ndi masitolo. Sikanakhalitse. Golide atachepa anthu anaphwasula nyumba zawo zamatabwa ndi malata n'kuzikweza pa ngolo. Ina mwa izo ili pa Queen Street, amaitcha Millwood House, ndipo muli zinthu zakale zoonetsa anthu.

Mu 1907 anatsegula kanjanji kakang'ono kochokera m'tauni kukafika ku Diepwalle, mkati mwa nkhalango, kotuta mitengo, ndipo kanagwira ntchito mpaka 1949. Nkhalango inali ikutha. Mu 1913 boma linalemba m'kaundula odula mitengo onse n'kuletsa atsopano kulowa, kenako mu 1939 linawachotsa otsalawo ndi kuwapatsa kapenshoni kochepa. Anthu oti chibadwire sanagwirepo ntchito ina koma ya nkhwangwa. Doko nalo linatsekedwa mu 1954, njanji yochokera ku George italanda katundu wake. Pa chilumba pamene a Thesen anasamutsira macheka awo, Thesen Island, lero pali nyumba za anthu olemera, ndipo anzathu ena ochokera kumudzi amagwira ntchito m'nyumba zoterozo ndi m'madimba a maluwa.

Mundiuzeko mmene zilili ku Chikangawa chaka chino. Kodi thabwa mukugulitsa bwanji, nanga amene akutchula mtengo ndani, inu kapena a malole? Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti bulangeti lija ndipatsira anyamata obwera pa basi mwezi wamawa.

Ndine mnzanu,
Banda