Kalata kwa Makolo: Kutseka kwa Teremu Yachiwiri

Lilongwe

Okondedwa makolo ndi onse olera ana athu,

Landirani moni wochokera kwa ine ndi aphunzitsi onse. Lero tatseka teremu yachiwiri, ndipo mwana aliyense wa Sitandade 5 mpaka 8 wanyamula lipoti lake pamodzi ndi kalata ino. Chonde liwerengeni mwanayo ali pambali panu, musangoona nambala yomwe wakhala basi.

Nkhani imene ndikufuna tigwirane manja patchuthi chino ndi ya Chingerezi. Pochonga mayeso, aphunzitsi apeza kuti ana ambiri, ngakhale okhoza bwino, akutaya malikisi pa mawu onena za kupereka chinthu kapena uthenga kwa munthu wina. A Sitandade 8 alemba mayeso a PSLCE a MANEB teremu ikubwerayi, choncho nthawi yokonza zimenezi ndi ino.

Vuto lalikulu lili pa lend ndi borrow. Ife timati "ndibwereke cholembera" komanso "ndabwereka cholembera", mneni ndi yemweyo. Mwana akamaganiza m'Chichewa amalemba "Borrow me your pen", ndipo mphunzitsi amamuthetha. Mwini chinthu ndiye amachita lend, wolandira amachita borrow. Wopempha anene "Lend me your pen" kapena "May I borrow your pen?" Borrow imayenda ndi from, lend imayenda ndi to: "I borrowed a hoe from my uncle", "My uncle lent a hoe to me". Onani kuti za dzulo ndi lent, osati lended. Chimodzimodzi gave, sent, told, took ndi brought. Ana amangomata ed paliponse chifukwa ndi lamulo limene anayamba kulidziwa.

Bring ndi take zimasiyana pa kumene chinthu chikulowera. Chikamabwera kwa wolankhula ndi bring, chikamachoka kupita kwina ndi take. Mayi ali kukhitchini adzati "Bring the bucket here", koma potuma mwana kuchigayo adzati "Take this maize to the mill".

Give ili ndi njira ziwiri: munthu ayambe, chinthu chitsatire, "Give me the book"; kapena chinthu chiyambe, kenako to ndi munthu, "Give the book to me". Ana amasakaniza n'kulemba "Give to me the book". Send, pass ndi lend zimatsata njira ziwiri zomwezi, koma explain ayi. "Explain me" ndi kulakwa, pafunika "Explain it to me".

M'kalasi timagwiritsa ntchito hand in pamene mwana akupereka kope kwa mphunzitsi, ndi hand out pamene mphunzitsi akugawa mapepala. Hand over ndi kupereka chinthu kapena udindo m'manja mwa wina, monga makiyi a kalasi. Izi sizivuta mwana akazimva kangapo.

Pamene ndikupempha tcheru kwambiri ndi pa pass. "Pass me the salt" ndi kupatsirana chinthu chapafupi, dzanja ndi dzanja. "Pass on the message" ndi kufikitsa kwa wina uthenga umene wapatsidwa. Koma pass on ikakhala yokha, popanda kutchula chimene chikuperekedwa, imanena za maliro: "He passed on" ndiye kuti wamwalira. Pass out ndi kukomoka. Mwana wofuna kunena kuti bambo ake anapereka uthenga akhoza kulemba za imfa osadziwa, ndipo m'kalata yeniyeni zimenezi zikhoza kuliritsa anthu.

Pa uthenga palinso tell ndi say. Tell imafuna munthu wouzidwa, "She told me", pomwe say imafuna to, "She said to me". "She said me" kulibe. Send ndi kutumiza, deliver ndi kukafikitsa kwa mwini wake, ndipo forward ndi ija timachita pa WhatsApp potumiza uthenga wa wina osausintha.

Kunyumba mphindi 10 patsiku n'zokwana. Mukamutuma mwana kumsika, kumpopi kapena kwa aneba, akabwerako anene m'Chingerezi zimene wachita, kenako alembe ziganizo zisanu kumapeto kwa kope lake la Chingerezi, aike ndi deti. Tsiku lililonse atenge mawu awiri okha, monga lend ndi borrow, chifukwa kuunjika onse nthawi imodzi n'kumene kumamusokoneza. Ngati simudziwa Chingerezi musadandaule. Mufunseni m'Chichewa mafunso atatu awa pa chiganizo chilichonse: wapereka ndani, walandira ndani, chinthucho chalowera kuti? Akayankha mosakayika ndiye kuti akumvetsa. Aphunzitsi adzachonga makopewo sabata yoyamba tikatsegulira.

Ana amene abwereka mabuku a sukulu alembedwa m'kaundula. Mabukuwo akutiridwe, asungidwe posafika chinyontho, ndipo abwezedwe tsiku lotsegulira, lomwe lalembedwa m'munsi mwa lipoti. Sainani lipotilo, mwana adzabwere nalo tsiku lomwelo. Amene muli ndi funso pa zotsatira za mwana wanu, mudzafike ku ofesi m'mawa maphunziro asanayambe.

Ine wanu,
Mphunzitsi Wamkulu