Za air fryer unandifunsa zija chemwa

Chemwa wanga,

Ndikhulupirira uli bwino ku Cape Town kuja pamodzi ndi ana. Kuno ku Lilongwe tilipo tonse, kutentha kokha ndiye kwanyanya. Voisi yako ija ndinaimva, yoti adokotala akuuza kuti BP yakwera uchepetseko thupi, ndiye ukufuna kugula air fryer koma ukuopa kutaya ndalama. Nkhani ya BP yandikhudza kwambiri iwe, paja mayi ako ndi matenda omwewa akuwavutitsa, ndiye ndati ndikhale pansi ndikulembere bwinobwino, pa WhatsApp sindikanamaliza.

Ine ndikuti gula. Yanga ndimaigwiritsa ntchito pafupifupi tsiku lililonse magetsi akakhalapo. Koma udziwiretu chimene ukugula, chifukwa ena amaitenga ngati mankhwala ochepetsa thupi kenako amadzadandaula kuti sikelo siikusuntha. Mkatimo mulibe matsenga, pamwamba pali waya wotentha ndi fani imene imazunguliza mpweya wamoto mwamphamvu mpaka madigiri 200, chakudya chimakhala m'kabasiketi kobowolabowola kuti mpweyawo uzidutsa mbali zonse. Ndi uvuni waung'ono wachangu basi. A Philips ndi amene anaionetsa koyamba ku Berlin mu 2010, nzeru zake zinali za bambo wina wa ku Netherlands, Fred van der Weij, amene ankangofuna chipisi chokoma chosamira m'mafuta. Ntchito yake ndi imeneyo, kuchotsa mafuta pa zinthu zimene tinazolowera kukazinga, zina zonse ndi za iwe mwini.

Komatu mafutawo si nkhani yaing'ono. Sipuni imodzi yaikulu ya mafuta ophikira imakhala ndi makalori pafupifupi 120, makalori ndiwo muyeso wa mphamvu ya m'chakudya imene ikachuluka imanenepetsa, gramu imodzi ya mafuta ndi makalori 9 pamene ya shuga kapena ya ufa ndi cha m'ma 4, ndiye taganiza mmene timathirira ife, kungopendeketsa botolo mpaka mtima unene kuti basi, kenako nkhuku isambe m'menemo, mafuta otsala tisunge m'kapu mawa tikazingirenso nsomba, mkuja chipisi, mpaka ade. Mu air fryer chipisi cha anthu awiri ndimathira sipuni imodzi yokha, nthawi zina yaing'ono ya tiyi, ndipo botolo la mafuta likukhalitsa pakhomo pano mpaka bambo a kunyumba kuno anafunsa ngati ndinagula lina. Ndi mmene mafuta anadulira kuno zimenezo zokha ndi phindu kale.

Chipisi ndimapanga chonchi. Kachewere wa ku Dedza kapena ku Ntcheu uja, ndimasenda, kudula osati kowonda kwambiri, ndiye ndimaviika m'madzi ozizira mphindi 20 kapena 30 mpaka madzi achite mbuu ndi sitachi. Kenako kupukuta ndi kansalu koyera mpaka aume, apa usachite ulesi chifukwa akalowa onyowa amangobwata ndi nthunzi, amatuluka olobodoka. Mafuta uthire m'mbale uvundule ndi manja kuti chidutswa chilichonse chinyezimireko, osathira mu basiketi. Madigiri 180, mphindi 20 kapena kupitirira pang'ono, pakati utulutse basiketi ugwedeze. Ndipo usadzazitse, mpweya ukasowa podutsa zapansi zimakhala zosapsa. Chikangofika pa chikasu chotsa, usadikire kuti chide, chifukwa zakudya za sitachi zikapserera zimapanga kanthu kena kotchedwa acrylamide kamene a zaumoyo amati tizikachepetsa, kuviika m'madzi kuja kumathandizanso pamenepo. Sindikunamiza, sichingafanane ndendende ndi cha pachiwaya chija tinkagula potuluka kusukulu, chimakhala choumirako pang'ono, koma ndi kabichi ndi tomato pambali lilime limazolowera msanga.

Pamene makinawa ndimawakondera kwenikweni ndi pa nkhuku. Ntchafu za broiler sizifuna mafuta ngakhale dontho, ungopaka adyo, jinja, ndimu ndi tsabola, madigiri 190 kwa mphindi 25 kutembenuza kamodzi. Ukatsegula khungu limakhala lofiirira likuchita kuthetheka, ndiye ukakweza basiketi uone pansi pake, mafuta achikasu atadikha amene atuluka mu nkhuku yomweyo, amene kale tinkadya onse n'kuwonjezeranso a m'botolo. Taya amenewo chemwa, usati ndithire mu supu. Ubaye ndi mpeni pafupi ndi fupa, madzi akatuluka oyera yapsa, akakhala ofiirira bwezeramo. Ya lokolo ndiye yolimba, yambira kuibwatitsa mu poto mpaka ifewe kenako mphindi 10 mu air fryer kuti ingouma kunja.

Chambo kuno chimatuluka bwino zedi, kuchitema mizere mbali zonse, ndimu, kupakako mafuta pang'ono kuti chisamatirire, mphindi 15 basi. Kwanuko nsomba za hake ndi snoek zili mbwee, yesa zimenezo. Mbatata, chinangwa chobwatitsa kaye, mabilinganya, therere lobala lodula pakati, maungu, zonsezi zimapsa bwino. Usipa wouma wokha ndiye samala, ndi wopepuka fani imauuluza ndipo umapserera msanga. Mandasi ndi zitumbuwa iwalako, phala lamadzimadzi limangodontha m'mabowo, ndipo mandasi amatuluka ngati mabanzi ouma, komanso pa dayeti mandasi akufunanji.

Tsopano apa ndi pamene ndikufuna undimvetse, chifukwa ndikudziwa mmene umagwirira ntchito, kutuluka m'mamawa kubwera usiku utatopa. Ukadzagula makinawa mtima udzakukokera ku mafiriji a m'mashopu aja odzaza ndi ma nuggets, ma fish fingers, ma pie, masoseji ndi chipisi cha m'mapaketi, chifukwa n'zongotsanulira mphindi 12 wadya. Zambiri mwa zimenezo anazikazinga kale m'mafuta ku fakitale asanaziumitse, ndipo mchere ndi wosaneneka. Munthu wa BP mdani wake wamkulu ndi mcherewo, a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati munthu wamkulu asafike magalamu 5 pa tsiku, imeneyo ndi sipuni yaing'ono imodzi yosadzaza n'komwe, kuwerengera ndi umene uli kale mu buledi, mu ma cube a supu ndi mu zokometsera za m'mabotolo zija. Ndiye ukamaika zam'paketi mu air fryer tsiku ndi tsiku palibe chimene wasintha, ndalama zokha zapita. Lamlungu ukapuma dula nkhuku, paka zokometsera zako, gawa m'tizikontena uike mu firiji, madzulo uzingotenga kamodzi.

Nsima nayo air fryer siikuidziwa. Ukadya nkhuku yopanda mafuta ndi mitanda itatu ya ufa woyera thupi silitsika. Ine ndinabwera pa mtanda umodzi, wa mgaiwa ukapezeka, theka la mbale ndiwo zamasamba, nkhwani, chisoso, bonongwe kaya repu, kwanuko sipinachi ndi kabichi sizisowa. Ndiwo za mu poto nazo uziyezera mafuta ndi sipuni, zija zoti mafuta aziyandama pamwamba pa tomato kuti alendo aone kuti pakhomo pali bwino tizisiye. Mtedza umakazingika bwino kwambiri m'makinawa ndipo ndi pamene pali msampha, pafupifupi theka la mtedza ndi mafuta, kadzanja kamodzi n'kokwanira. Mankhwala a BP akupatsawo usasiye ngakhale utayamba kupepukidwa, ndipo uziyendako pansi, tsika basi siteji imodzi usanafike.

Unafunsanso za magetsi. Zambiri zimakhala za mawatsi pakati pa 1,200 ndi 1,800, ndiye ya 1,500 ikayaka mphindi 20 imadya theka la yunitsi kapena kucheperapo, bola kusiyana n'kutenthetsa uvuni waukulu chifukwa cha ntchafu zinayi. Kwa iwe ndi ana awiriwo tenga ya malita 4 kapena 5, zazing'ono zija uzidzaphika kawirikawiri mpaka kutopa nazo. Osalimbana ndi ya mabatani ambiri, ya zopotokola ziwiri, kutentha ndi nthawi, imagwira ntchito yomweyo. Ija ukuti udzawatumizire mayi pa basi ukumbuke kuti pulagi ya kumeneko ndi ya mano obulungira pamene kuno soketi zathu ndi za mano afulati, ndiye tidzapeze wa magetsi asinthe pulagi yabwino, asamadzailumikize pa ekisitenshoni zotchipa zija zimasungunuka. Ndipo uwauze mtsikana wawo uja kuti basiketi satsuka ndi waya kapena mchenga, utoto wakuda uja ukakalika zakudya zimayamba kumatirira, madzi ofunda, sopo ndi siponji basi, ikazizira.

Ukapita kukayezetsanso undiuze manambala a BP mmene alili, usandibisire. Mayi ndikawaona Loweruka, ndikawatengera mbatata. Upereke moni kwa ana, wamkuluyo umuuze anti ake akudikirabe zithunzi za ku sukulu zija.

Ndine mnzako wa kalekale,
Chemwa wako wa ku Area 25