Za mfuti yanu ija: yambani ndi chipolopolo, mtengo wokongola ubwere pambuyo

Mabvuku,
Harare.

Achimwene,

Tikuoneni. Kuno kwacha bwino, kaya inu ndi alamu kumeneko ku Chiredzi? Uthenga wanu ndaulandira, pamodzi ndi chithunzi cha thabwa la mtengo wa walnut lomwe lakutengani mtima, limene mukufuna kuikapo mfuti yanu ya uzimba. Ndi lokongoladi, koma mwayambira kumchira. Mfuti ya uzimba imayambira pa nyama imene mukufuna kugwetsa. Nyamayo ndiyo imasankha chipolopolo, chipolopolo chimasankha action (makina olowetsa, kukhoma ndi kutulutsa chipolopolo) ndi mpope, ndipo thabwa limabwera komalizira.

Malamulo a ZimParks, bungwe loyang'anira nyama zakutchire ku Zimbabwe, amagawa nyama m'magulu. Njovu, njati ndi mvuu zimafuna chipolopolo chosachepera mamilimita 9.2 m'mimba mwake, cha mphamvu ya majoule 5,300. Mkango, kadyansonga ndi ntchefu zimafuna mamilimita 7 ndi majoule 4,300. Ngoma, mbidzi, nyumbu ndi nyalugwe ndi mamilimita 7 omwewo, koma majoule 3,000. Tsono taonani: mfuti ya .30-06 ya chipolopolo cha 180 grain (grain ndi muyeso wa kulemera kwa chipolopolo) imatulutsa majoule pafupifupi 4,000. Pa ngoma, nswala ndi njiri yakwana ndi kutsala, koma pa ntchefu yaperewera pang'ono, ngakhale alenje ambiri angakuuzeni kuti imagwetsa. Ija ya 9.3x62, imene Otto Bock anaipanga ku Berlin mu 1905, imadutsa mzere wa ntchefu mosavuta, ndipo m'tchire la tsanya ngati lakwanulo ndi mfumu. Vuto lake n'lakuti zipolopolo zake zambiri za m'sitolo, za 286 grain, sizifika pa 5,300. Ngati mumtima mwanu muli njati, musadzivute: tengani .375 H&H, ya mu 1912, imene ndi 300 grain imapitirira majoule 5,700. Ine ndikuti ngati cholinga ndi ndiwo zapakhomo basi, .30-06 ndiyo yanu. Musanagamule, imbirani masitolo awiri atatu mumve zipolopolo zimene amakhala nazo chaka chonse. Mfuti yosowa chipolopolo ndi ndodo chabe.

Action ndiye mtima wa mfuti, ndipo apa ndichedwapo. Ya Mauser 98 ili ndi chikhadabo chachitali m'mbali mwa bolt (chitsulo chokoka ndi dzanja chotsekera chipolopolo mumpope), chimene chimagwira chipolopolo chikangonyamuka m'magazini mosungira zipolopolo, osachisiya mpaka chigoba chitatayidwa kunja. Mungatembenuze mfuti chadodolido, chipolopolo sichigwa. Za mtundu wa Remington 700 zimangochikankha kutsogolo, n'kudzachigwira pomwe bolt yatsekeka. Zimalondola bwino, palibe angatsutse, koma munthu akanjenjemera n'kubweza bolt isanafike kumapeto, chipolopolo choyamba chimatsala m'njira, chachiwiri n'kudzagunda kumbuyo kwake, mfuti yatsamwa. Pa nswala mungoseka. Pa njati yovulala si zoseketsa.

Kutalika kwa action nakonso n'kofunika. Chipolopolo chathunthu cha .30-06 ndi mamilimita pafupifupi 85, cha 9.3x62 pafupifupi 84, ndiye zonse zimalowa mu Mauser 98 wamba popanda kusema chitsulo chambiri. Cha .375 H&H ndi 91 ndi pang'ono. Kuti chilowe mu action wamba, mmisiri amayenera kudya chitsulo pafupi ndi pamene bolt imakhomera, pomwe pamafunika mphamvu yonse. Ndi bwino kupeza yobadwa yaitali kale, monga Brno ZKK 602 kapena CZ 550 Magnum. Mukapeza action yakale ya asilikali, mmisiri achotse mpope n'kuyang'ana mkati momwe mano a bolt amatsamira. Pakakhala tizigodi, ndiye kuti chitsulo chinafooka, isiyeni. Ayang'anenso dzimbiri m'munsi mobisika ndi thabwa. Ma Mauser a 1893 ndi 1895 ndi ofookerapo. Musawasenzetse zipolopolo zamphamvu za masiku ano.

Pa mpope, chachikulu ndi kupota kwa mizere yamkati. Ya .30-06 izungulire kamodzi pa mainchi 10, ya .375 kamodzi pa mainchi 12, ya 9.3x62 kamodzi pa 14. Ikapota mochedwa kuposa mmene chipolopolo chachitali chikufunira, chipolopolocho chimapita chikugwedezeka, ndipo pa pepala mumaona bowo lotalika m'malo mwa lozungulira. Kutalika, masentimita 56 mpaka 60 akwana. Wautali kuposa apo uzingokodwa m'nthambi. Wopyapyala kwambiri umapepuka paphewa, koma ukatentha pa kuwombera kwachitatu zipolopolo zimayamba kumwazikana. Kukamwa kwa mpope kuchekedwe molowa mkati pang'ono, chifukwa kakangobenthuka kachidutswa pamenepo, mwina pogunda pansi m'galimoto, mpweya umatuluka mbali imodzi ndipo kulondola kwatha.

Kulumikiza mpope ndi action si ntchito ya pakhonde, ndi ya mmisiri wa mfuti wokhala ndi chilolezo. Mukadzapita kukatenga, akuonetseni ndi maso anu timageji tiwiri toyezera mpata wa pakati pa bolt ndi chipolopolo: bolt itseke pa GO, ikane pa NO-GO. Mpata ukachuluka, chigoba chimatanuka mpaka kuduka pafupi ndi thako lake, mpweya wamoto n'kubwerera kumaso. Safunsa anadya phula, achimwene.

Tsopano thabwa lanu lija. Tembenuzani chithunzicho muone pogwira dzanja, kuseri kwa trigger, kachitsulo kokoka ndi chala powombera. Mizere ya mtengo iyenera kuyenda motsata khosi limenelo. Maluwa ndi mafundo akhale kuthako. Akakhala pakhosi, tsiku lina mfuti idzagwa n'kuthyokera pomwepo. Mtengo umamwanso chinyezi: m'dzinja umafufuma n'kukankha mpope, mu Okutobala umauma, ndipo mfuti imene munaiwongola mu Juni imayamba kuponya pambali. Mankhwala ake ndi kuyala guluu wolimba wa epoxy pansi pa action ndi kuseri kwa chidendene chake chimene chimalandira kukankha konse, kupaka mafuta otseka mkati monse, ndi kusiya mpope osakhudza thabwa moti pepala lizidutsa pansi pake mpaka pafupi ndi action. Kumbuyo kwenikweni kwa action asiye kampata ngati chikhadabo, apo ayi chitsulo chimasanduka nkhwangwa n'kung'amba mtengo. Ya .375 imafunanso mabawuti awiri opingasa m'thabwa, ndipo lamba amangidwe pa mpope, chifukwa kachitsulo ka lamba kakakhala pa thabwa kamacheka dzanja lamanzere mfuti ikakankha. Ngati zonsezi zakutopetsani, tengani laminate, ya timatabwa topyapyala tomatidwa pamodzi. Si yokongola, koma nyengo siyiisuntha. Kuchoka pa trigger kufika kuthako pakhale masentimita 34 mpaka 36, muyese mutavala malaya amene mumasakira.

Trigger iduke pa makilogalamu 1.3 mpaka 1.6, yopanda kukwawa. Yofewa kuposa apo njoopsa chala chikakhala ndi thukuta. Safety, kachitsulo koletsa mfuti kuphulika, ikhale ya magawo atatu ngati ya Winchester Model 70, kuti muzitha kuchotsa zipolopolo safety ili yotseka. Yakale ya Mauser yokhala ngati mbendera imagunda scope, galasi loonera patali lomangidwa pamwamba pa mfuti.

Ndalama imene mukanawonongera maluwa a thabwa ipite pa scope ndi zomangira zake zachitsulo. Scope ya 3-9x40 yakwana pa .30-06, pa .375 tengani 1.5-5x, yotalikirana ndi diso masentimita 9 kapena 10, kuopa kudulidwa nsidze. Yonse pamodzi, .30-06 ilemere makilogalamu pafupifupi 4, ya .375 ifike 4.5, chifukwa yopepuka imamenya paphewa mpaka munthu amayamba kutsinzina asanawombere.

Musalipire kanthu musanaonane ndi apolisi olembetsa mfuti. Satifiketi imatchula nambala ndi kukula kwa chipolopolo, ndiye kusintha mpope kupita ku chipolopolo china kumafuna chilolezo chawo, ndipo adzafuna kuona kabati yachitsulo yosungiramo.

Tsiku lokatenga, dzazani magazini ndi zipolopolo zopanda wonga, mukoke bolt mwamphamvu, kenako pang'onopang'ono, mfuti yoloza m'mwamba, yoloza pansi, yopendeka. Chikakodwa ngakhale kamodzi, ibwerere kwa mmisiri. Munditumizire chithunzi cha mbali inayo ya thabwa, pafupi, pa khosi.

Moni kwa alamu ndi ana.

Ine mbale wanu,
wa ku Mabvuku