Za ulendo wathu wa Lamlungu lija

Mwana wanga,

Ndasankha kulemba kalata chifukwa pafoni umandiyankha ndisanamalize mawu. Kuno ku Chitakale tadzuka bwino. Chiperoni chatigwira sabata yonse, phiri silikuoneka n'komwe, ndipo bondo la mayi ako layambanso kuvuta monga limachitira kukazizira.

Nkhani yanga ndi ya Lamlungu lija unatibweretsa kuchokera ku Limbe. Tinasiya msewu wa Midima n'kudzera ku Thyolo poti mayi ako ankafuna kabichi pa Bvumbwe. Ndinanyada kukwera galimoto yogula mwana wanga ndi thukuta lake, zimenezo usakayike. Koma njira yonse ndinangokhala chete, ndikuwerenga. Kuchoka pa Bvumbwe kukafika pa Luchenza unapitirira galimoto 11, ndipo zinayi mwa izo unazipitirira pamalo pomwe sunkaona kutsogolo. Lole ya feteleza ija unailizira hutala pachitunda, n'kuilambalala pakona m'minda ya tiyi, inadzatipeza titaima pa rodibuloko. Dalaivala wake anangotiyang'ana. Mayi ako kumbuyo anali atagwiritsa mpando ndi manja onse awiri, koma iwe sunawaone, poti galasi lako unkangoonera amene akufuna kukupitirira.

Ukudziwa kuti ndakalambira pachiwongolero. Ndinayamba ndi thirakitala ya pa esiteti, kukoka ngolo ya masamba kuchokera kumasikelo kupita kufakitale. Ntchito imeneyo ili ndi changu chake, chifukwa tiyi wothyola akakhalitsa m'ngolo amatentha n'kuyamba kufiira, ndipo kufakitale amamukana. Komabe thirakitala siuluka. Kumbuyo kwanga kunkachita mndandanda wa magalimoto, ena kuliza hutala, ena kutukwana, ngati kuti ndikuchitira dala. Atandipatsa lole, ndinaiwala msanga zonsezo, ine n'kukhala wotukwana uja.

Pali chinthu chimene sindinakuuzepo. Iwe uli Sitandade 3, m'mawa wina wa chifunga ngati chomwechi, ndinatopa kutsatira thirakitala ya mnzanga. Ndinati msewu uno ndimaudziwa ngati khonde la nyumba yanga, ndinakhotetsa n'kuponda moto. Mbali inayo kunali bambo wina panjinga, atamanga dengu la zinanazi. Sindinamugunde, koma pothawa ine anagwera m'ngalande n'kuthyoka mkono. Ndinamunyamula ndekha kupita naye kuchipatala. Njira yonse sananditukwane, ankangofunsa kuti zinanazi zake atola ndani, poti ndalama yake inali ya fizi ya mwana. Funso limenelo limandidzutsabe usiku. Munthu uja anakhala miyezi osapalasa njinga, chifukwa choti ine ndinalephera kudikira kuti tidutse kona imodzi.

Ndinadzawerengera pambuyo pake, ndipo nawenso tenga cholembera. Ulendo wa makilomita 60, ukamayenda pa 80 umatenga mphindi 45, ukamayenda pa 100 umatenga mphindi 36. Chimene wapindula ndi mphindi 9, zosakwana n'kuphika nsima. Pamene mabuleki sagwira ntchito mwa masamu amenewo: liwiro ukaliwonjezera kawiri, mtunda woti galimoto iime umawonjezeka kanayi, ndipo msewu ukanyowa umaposa pamenepo. Tsono ganiza za msewu wathuwu tsiku la msika pa Chonde kapena pa Limbuli, wodzaza akabaza, ana, mbuzi ndi amayi osenza mitolo. Akulu sananame kuti kuthamanga si kufika.

Koma si za galimoto zokha zimene zandikhazika pansi. Mpongozi wanga anauza mayi ako, ndipo usamukalipire poti ananena chifukwa cha mantha, kuti ukufuna kusiya ntchito, utenge katapila poika galimotoyo chikole, uyambe kuoda katundu ku Milange, ku Mozambique. Akuti mnzako amene munali naye kalasi imodzi ali ndi magalimoto atatu ndipo iwe sukugona nazo tulo.

Geni sindikukuletsa. Anthu ambiri kuno amanga nyumba za malata ndi malonda a pa Muloza, pamalire ndi Milange, ndipo mutu wa malonda uli nawo kuposa ine. Chimene chikundiopsa n'chakuti ndaona m'mene umayendetsera. Ukaona wina ali patsogolo pako, mtima umakuuza kuti akukuchedwetsa, ndipo umatuluka mu mzere usanaone chimene chikubwera. Mnzakoyo waona magalimoto ake okha. Ngongole zake sunazione, ndiponso sudziwa kuti ananyamuka liti. Malipiro ako a pamwezi ali ngati lole ya feteleza ija: akukwera chitunda mokwawa, akukutopetsa, koma akuyenda, ndipo ana ako akudya. Katapila sadziwa mvula. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy atakokolola milatho ndi misewu kuno ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndinaona anthu katundu wawo atatsekeredwa tsidya lina, chiwongoladzanja chikukwera tsiku lililonse. Mmodzi wa kumpingo kwathu anagulitsa munda wa akazi ake, ndipo mpaka lero abale a mkaziyo salankhula naye.

Pempho langa ndi ili. Khala kumbuyo kwa loleyo mpaka dzinja lithe. Ngati ukufuna kuyesa malondawo, yamba ndi ndalama yako ya ku banki m'khonde, uzipita Loweruka ntchito uli nayobe, ndipo uzilemba chilichonse m'kope, ngakhale ya kabaza ndi ya msonkho. Pofika Epulo tidzakhale pansi, iwe, mkazi wako, malume ako ndi ine, tione kopelo. Likadzaonetsa kuti njira yatseguka, ine ndidzakhala woyamba kukuuza kuti dutsa, ndipo kang'ombe kanga kaja ndidzagulitsa kuti ndikuwonjezere mpamba.

Mayi ako akuti ubwere ndi adzukulu ku Mulhako mu Okutobala. Ukudziwa m'mene msewu umadzadzira pa Chonde tsiku limenelo, choncho mudzafike chamadzulo dzulo lake, mudzagone kuno. Tayala lakumbuyo kumanzere latha mapanga, ulisinthe usananyamule anawo.

Ndine bambo ako.