Mwana wanga, za Monk sunazimve zonse

Wokondedwa mwana wanga,

Kuno tili bwino, kungoti mayi ako miyendo ikuwavutabe. Uthenga wako ndaumva, woti bwana wa kuhotela kuja wati kalizidwe kako ka piyano nkokhota, alendo sakukondwa nako, ndiye iwe wakwiya nkusiya ntchito. Wanditumiziranso chithunzi cha Thelonious Monk, katswiri uja wa ku America woliza piyano m'nyimbo za jazi, kutanthauza kuti nayenso ankanyozedwa chimodzimodzi. Poti amene ndinakudziwitsa munthu ameneyu ndine, undilole ndikuuze mbali imene waidumpha.

Kumukonda ndimamukonda, usakayike. Taonera vidiyo yake iliyonse. Zala amaziwongola thyathyathya, osazipinda monga amafunira aphunzitsi. Amagunda makiyi awiri oyandikana nthawi imodzi, iwe nkumati walakwitsa, koma akabwereza pomwepo kachiwiri umazindikira kuti amachitira dala. Kenaka amangoti zii, manja ali m'mwamba, phazi lokha likupalasa pansi, mpaka womvera mtima uli phaphapha kudikira kuti agundanso liti. Nthawi zina amadzuka, chipewa chili kumutu, nkumazungulirazungulira pomwepo anzake akuimba. Olizapo mothamanga alipo ambiri, ndipo ena ndimawalemekeza, koma nyimbo yake ija ya 'Round Midnight akailiza mwini wakeyo ali yekha, ine ndimasiya chilichonse chomwe ndagwira.

Kukhota kumeneku anakugwirira ntchito. Anabadwa mu 1917 ku North Carolina nkukulira ku New York. Ali mnyamata ankaliza m'tchalitchi, ndipo anayendapo m'matauni ndi mlaliki wina, kulizira anthu pamisonkhano ya chitsitsimutso. Atabwerako anakhala woliza piyano wa pa kalabu ya Minton's Playhouse ku Harlem, komwe usiku ndi usiku ankaperekeza aliyense wokwera pansanja. Malamulo amene ankawathyolawo anali atayamba wawadziwa bwinobwino.

Mu 1951 apolisi anapeza mankhwala ozunguza bongo m'galimoto imene Monk anali ndi mnzake Bud Powell. Monk anakana kumuneneza mnzakeyo. Anakhala kundende masiku 60, ndipo anamulanda chiphaso chimene woimba aliyense ankayenera kukhala nacho kuti aimbe m'malo ogulitsa mowa mu New York. Chinabwerera mu 1957. Tsono dzifunse, zaka zonsezo pakhomo ankadya chiyani? Ankadya thukuta la mkazi wake, Nellie. Mayiyu ankasoka zovala ndi kugwira ntchito zina zomwe zapezeka, ana awiri ali pakhomo, m'kanyumba kopanikiza koti piyano inkafika kukhitchini. Ngakhale zinthu zitayamba kuyenda, Monk ataimba ndi woliza saksofoni John Coltrane pa kalabu ya Five Spot mu 1957, nkhope yake itatuluka pachikuto cha magazini ya Time mu 1964, Nellie ndiye ankayenda naye maulendo, kusunga ndalama, kumusankhira ndi zovala zomwe. Ndipo Monk ankadziwa. Nellie atagonekedwa m'chipatala mu 1957, mwamuna wake anamupekera nyimbo yotchedwa Crepuscule with Nellie, imene ankailiza monga anailembera, osaisokoneza ndi zokometsera.

Nawe Nellie wako uli naye. Mpongozi wangayo amalawirira kuntchito kusanache, lendi ndi iye, fizi ya ana ndi iye. Ndiye mayi ako akundiuza kuti tsiku lija anakufunsa za ndalama ya magetsi unamuyankha kuti za nyimbo sazidziwa. Zandiwawa zimenezo. Ukamupepese, ndipo usachite kudikira kuti mpaka ankhoswe alowererepo.

Za kuhotelako, Monk ntchito anachita kumutsekera ndi apolisi, pamene iwe wadzitsekera wekha. Komanso usaganize kuti iye sankagonjerako. Atalowa ku kampani yojambula nyimbo ya Riverside mu 1955, eni ake anaona kuti anthu akuopa nyimbo zake, ndiye anamupempha kuti chimbale choyamba chikhale cha nyimbo za Duke Ellington, zomwe anthu ankazidziwa kale. Anavomera. Ukachimvetsere chimbalecho, uone ngati Monk anasowamo. Alimo ndithu, mphindi iliyonse.

Ndiye pita ukaonane ndi bwana uja Lolemba, usanamve kuti alemba wina. Alendo akamadya, alizire zomwe akuzidziwa, mwaulemu, m'kalizidwe kako. Zopeka zako uziyeserera kunyumba m'mawa, ana akapita kusukulu, ndipo uzijambule pafoni unditumizire ndimve nawo. Malipiro oyamba ukapereke m'manja mwa mkazi wako onse, mugawe limodzi.

Mwezi ukatha mubwere nonse ndi ana, mayi ako akuti mtedza wanu akusungirani. Ukandiimbire ukachoka kuhotelako.

Ndine,
Bambo ako