Loweruka lino tiwerenga nthano ya wofufuza milandu wopuma

Abale ndi alongo a gulu lathu la owerenga, tikumana Loweruka lino 2 koloko masana ku Chichiri, pamalo athu a nthawi zonse. Mnzathu mmodzi wamaliza kulemba nthano yaitali ndipo watipempha tiikambirane isanapite kosindikiza.

Nkhani yake ndi ya mkulu wina wa ku Ndirande amene ankafufuza milandu payekha, anthu n'kumamulipira, koma anapuma n'kuyamba kuweta nkhuku. Usiku wina mayi wogwira ntchito mu labotale akumubweretsera envulopu ya zotsatira za kafukufuku wa mankhwala a malungo, manambala ake atasinthidwa ndi cholembera. M'mawa mwake mayiyo wasowa, ndipo galimoto yopanda nambala yayamba kuima pafupi ndi khola.

Labotaleyo ndi yongopeka, musayambe kuloza zala. Koma wolembayo wakumbadi za LA, mankhwala amene analowa m'malo mwa Fansidar m'dziko muno mu 2007. Kwa ine, mutu wachitatu ukukoka miyendo pang'ono, mudzaweruze nokha.

Mitu isanu yoyamba ili pa WhatsApp. Amene mwagwirapo ntchito za chipatala, chonde musajombe, wolembayo akufuna mumukonze. Musaiwale chopereka cha tiyi.