Mwanabele asamatemeredwe mphini

Akonzi,

Tipatseniko mpata tikambe za mwanabele. Kuno ku Thyolo, kuyambira ku Bvumbwe mpaka ku Thekerani, ambiri akadamutemerabe mphini kapena kumufinya, pomwe ena amamulekerera miyezi pamene akufunika kuthamangira naye kuchipatala.

Wothyola tiyi akalasidwa ndi chitsa kuphazi, maselo a pabalapo amatulutsa timankhwala totchedwa ma chemokine. Timachuluka pabala penipeni n'kumachepa potalikira, ndipo asilikali a m'thupi amalondola kumene tikuchulukira, monga linthumbu lilondolera fungo la anzake. Kena mwa timankhwalati, CXCL8, kamaitana asilikali otchedwa ma neutrophil. Iwowa akafika pafupi ndi bala amagubuduzika pakhoma la mtsempha wa magazi, n'kumatirira, kenako n'kudzipanikiza kutulukira kunja. Pamangopita maola ochepa. Mafinya amene mumawaona aja, ambiri mwa iwo ndi mitembo ya asilikali amenewa.

Nanga bala lili kuphazi, kutupa kukabwera bwanji m'mphechepeche? Pakhungu pali maselo ena, ma dendritic cell, amene amatola tizidutswa ta tizilombo. Akatola amamera kachingwe komvera kotchedwa CCR7, kamene kamamva timankhwala tiwiri, CCL19 ndi CCL21, ndipo amayenda m'timitsempha ta madzi oyera a m'thupi mpaka kukafika pa kabulo kapafupi (lymph node), kamene kakatupa timati mwanabele. Ka phazi kali m'mphechepeche, ka dzanja kali m'khwapa, ka pakhosi ndi m'kamwa kali m'khosi.

M'kati mwa kabulo kameneka aliyense ali ndi pokhala pake. Maselo a T amakhala chapakati, kumene kuli CCL19 ndi CCL21. Maselo a B, amene amapanga ma antibody (zida zomata tizilombo), amakhala chakumphepete chifukwa ali ndi kachingwe kena, CXCR5, kamene kamamva kamankhwala kotchedwa CXCL13. Selo ya B ikagwira chidutswa chogwirizana nayo imaonjezera CCR7, n'kusendera kumalire kukakumana ndi selo ya T ya mtundu wa CD4. Apa ndiye pagona nkhani. Pa tizilombo tambiri, selo ya B siiloledwa kuchulukana popanda chilolezo cha CD4. Lamulo limeneli ndilo limatchinga kuti thupi lisamapange zida zodzibaya lokha.

Selo za B zololedwazo zimabwerera kumalo kwawo n'kuyamba kugawikana kangapo patsiku. Uku zikugawikana, zimasintha pang'onopang'ono kapangidwe ka antibody wawo, kenako zimayesedwa: yomata kachilombo mwamphamvu imapulumuka, yofooka imafa pomwepo. Zopambana zina zimalondola CXCL12 kupita m'mafuta a m'mafupa, kumene zimatulutsa ma antibody kwa zaka. Zina zimatsala ngati zokumbukira. Kuchulukana kumeneku ndiko kutupa kumene timati mwanabele. Ntchitoyi imatenga masabata, n'chifukwa chake akatemera ena kusikelo amabwerezedwa pa masabata 6, 10 ndi 14, osati tsiku limodzi. Mayi wodumphitsa tsiku adziwe kuti walanda maselo a mwana wake mpata woyesedwanso.

Ndiye mwanabele wobwera ndi bala, wopweteka, woyendayenda mukamukhudza, amene akuphwa m'masabata awiri kapena atatu, musiyeni. Tsukani balalo ndi sopo ndi madzi aukhondo, muliphimbe. Lumo la mphini limangotsegula bala lachiwiri pamalo pomwe asilikali asonkhana, ndipo likagwiritsidwa ntchito pa anthu angapo limapatsirana HIV ndi matenda a chiwindi. Mwanabele akafiira, kutentha ndi kufewa pakati ndiye kuti wachita mafinya, akatumbulidwe kuchipatala.

Woopsa ndi wosapweteka. Akaposa masentimita 2, akalimba kapena kumatana ndi anzake m'khosi, akadutsa mwezi osaphwa, makamaka munthu akuonda ndi kutuluka thukuta usiku, tiganizire chifuwa chachikulu ngakhale asakutsokomola. Kuchipatala amapopa timadzi ndi jakisoni n'kutiyeza, ndipo mankhwala ake ndi a miyezi 6. Anabele a malo awiri kapena kuposa kwa miyezi itatu afunika kuyezetsa magazi. Kachilombo ka HIV ndi kochenjera moipa: kamagwira CD4, n'kulowera pa CCR5 kapena CXCR4, zingwe zomwe zija selo imamvera nazo ma chemokine. CD4 ikatha, maselo a B amasowa wowaloleza.

Chotidetsa nkhawa kwambiri ndi ana. Kusinthasintha kuja kwa maselo a B nthawi zina kumaphonya, chidutswa cha chromosome 8 (ulusi wosunga malangizo a selo) chokhala ndi MYC, lamulo louza selo kugawikana, n'kukalumikizika pa chromosome 14, selo ya B n'kuyamba kugawikana mosaleka. Imeneyi ndi khansa ya Burkitt, imene Denis Burkitt anaifotokoza ku Uganda mu 1958. Imakonda madera a malungo ngati kwathu kuno, chifukwa malungo obwerezabwereza pamodzi ndi kachilombo ka Epstein-Barr amatakasa maselo a B kosalekeza. Chotupa chake chimatha kuwirikiza m'tsiku limodzi kapena awiri, koma chimamva mankhwala chikapezeka msanga. Mwana akatupa nsagwada, mano n'kumagwedezeka, kapena mimba ikamakula mofulumira, asazulidwe dzino, asatemeredwe. Apite kuchipatala cha boma cha Thyolo tsiku lomwelo, kuti akamutumize ku Queen Elizabeth ku Blantyre.

Ogwira ntchito zachipatala,
Thyolo